Gasi wa AC akatha, pali pomwe akutulukira

Magaye a kunyanja kuno, October wafika, ndipo dzuwa la ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mukulidziwa. Aliyense wa Sienta kapena Probox akufuna AC izizizira, ndiye ena mwayamba kugula kachitini ka gasi n'kumathira nokha pakhomo. Ine ndikuti taimani kaye.

Gasi wa AC sapsa ngati petulo, amangozungulira m'mapaipi otseka. Akatha msanga, penapake pabooka: mwina timphira ta m'majoini tauma, mwina mwala wamenya condenser. Kuthira wina musanatseke pobookapo n'chimodzimodzi kukapa madzi m'bwato long'ambika. Bambo anga bwato lotere salowa nalo m'madzi, amayamba alimata ndi phula.

Zoti mupange nokha zilipo, zaulerenso. Condenser ili kutsogolo kwa radiator, ndipo kuno imatsekeka ndi fumbi komanso nkhungu za m'nyanjazi. Itsukeni ndi madzi opanda mphamvu, chifukwa tizitsulo take sitichedwa kupindika. Magalimoto ambiri ali ndi sefa kuseri kwa glove box. Itulutseni muone nokha zinyalala zake. Onani fuse, lamba, ndiponso ngati fani ikuzungulira mukayatsa AC. Joini yonyowa mafuta ikayikireni, ipakeni thovu la sopo muone ngati likufufuma.

Koma zothira gasi, aise, pamenepo mpomwe timasiyana. Tsegulani boneti muwerenge kapepala komatidwa pamenepo. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene tikuyendera amafuna R134a, ena atsopano R1234yf, ndipo awiriwa sasakanizidwa. Kapepalako kamanenanso magalamu ake, pa galimoto yaing'ono pafupifupi theka la kilo. Amayeza pa sikelo, osati kugwira paipi ndi dzanja n'kumati "yazizira, basi". Mukapyoza muyezo presha imakwera, kuzizira kumachepa, compressor n'kumavutika. Mtengo wa compressor mukafunse nokha ku Blantyre, mudzabwerako muli chete.

Chinanso, gasi akatheratu kapena mwamasula paipi, mkati mumalowa mpweya ndi chinyezi. Pamafunika vacuum pump ikoke kwa mphindi 30 kapena kuposerapo. Mukapanda kutero chinyezicho chimasakanikirana ndi mafuta a compressor n'kumadya zitsulo mkati. Kachitini kanu sikangachite zimenezo.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi oika gasi wophikira kapena R600a wa mufiriji, ati ngotchipa. Inde amazizira, koma amayaka moto, ndipo evaporator ili mkati mwa dashboard, pafupi ndi mawondo a amayi amene mwawanyamula ndi dengu lawo la usipa. Ngakhale R134a weniweniyo amawira pa -26°C. Akakuthovukirani m'diso, diso limawonongeka.

Mukapita kwa makaniko, mufunseni ngati ali ndi ma gauge, vacuum pump ndi sikelo, ndiponso ngati ayamba wafufuza podontha. Akayankha kuti "tingotopa pang'ono bwana", tengani makiyi anu, tsitsani magalasi, mukafune wina.