Mahomoni si mafuta odzola

Pa TikTok ndi pa Instagram pachuluka anthu otsatsa mafuta ndi mapiritsi amene akuti amakulitsa mabere ndi mbina. Ena mwa mankhwala otere apezekapo ndi estrogen, mahomoni amene thupi la mkazi limapanga lokha. Ife tikuti kwa inu achinyamata athu: estrogen ndi mankhwala amphamvu, ndipo oyenera kukupatsani ndi adokotala okha.

Mu 2002, boma la America linaika ma estrogen a gulu la steroid, monga estradiol, pa mndandanda wa zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya m'kati mwa chiberekero. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union, malamulo amaletsa kuika estrogen mu zodzoladzola. Koma botolo lobwera pa positi kapena m'chikwama cha wapaulendo silidutsa m'manja mwa woyeza aliyense.

Estrogen amalowanso m'thupi kudzera pakhungu. Mu 1998, dokotala wina ku America analemba za atsikana anayi achikuda, wamng'ono kwambiri wa miyezi 14, amene anayamba kumera mabere kapena tsitsi la m'malo obisika atamadzozedwa mafuta a tsitsi okhala ndi estrogen kapena nsengwa. Atasiya mafutawo, zizindikirozo zinachepa. Mafuta amene mumadzoza mng'ono wanu pomuluka tsitsi, munawerengapo zomwe zalembedwa pabotolo lake?

Sitikuti mutaye mapiritsi olera amene munalandira kuchipatala. Amagwira ntchito, ndipo amachepetsanso khansa ina. Komabe mapiritsi okhala ndi estrogen amawonjezera vuto la kuundana kwa magazi m'mitsempha. Mwa akazi 10,000 osamwa mapiritsiwa, pafupifupi awiri amakumana ndi vutoli pachaka. Mwa omwa, amakhala pakati pa 5 ndi 12. N'chifukwa chake namwino amayamba wayeza kuthamanga kwa magazi, n'kufunsa ngati mumasuta fodya, ngati mumadwala mutu waching'alang'ala, ndiponso ngati m'banja mwanu wina anaundanapo magazi. Mnzanu wokugawirani mapiritsi ake sangakufunseni zimenezi.

Tikudziwa kuti m'makomo mwathu nkhani zotere sizikambidwa, ndipo ambiri a inu simudziwa matenda amene agogo anu anadwala. Funsani amayi kapena azakhali anu, chifukwa safunsa anadya phula. Ndipo mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukayamba kubanika mwadzidzidzi, makamaka mutayenda ulendo wautali wa pandege, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.