Za pa Mphambano ya Somabhula: Kampani Ikagulidwa, Lonjezo Lake Lipita Kuti?

Nkhani yanga sabata ino ndi ya lamya ya m'manja imene ili m'thumba mwanu, ndi ya kompyuta imene kalaliki alembera malipiro anu. Funso lake ndi ili: kampani imene inapanga makinawo ikagulidwa ndi kampani inzake, ndani adzapitiriza kuwasamala?

Poyamba timvane mau. M'kati mwa foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene iyendetsa mapulogalamu ena onse. Achinyamata aitcha sisitimu. Ine ndiiyerekeza ndi kapitawo wa pansi pa mgodi: iye saboola mwala, sakankha ngolo, koma akapanda kufika gulu lonse liima. Maina ake ena muwadziwa: Android, Windows, Linux, ndi Symbian ya masiku aja. Tsono sisitimu imeneyi ifuna kusamalidwa kosaleka. Mbala za pa intaneti zifunafuna ming'alu yoloweramo, ndipo eni ake atumiza zigamba zotsekera ming'aluyo, zimene anyamata ati apudeti. Tsiku limene zigamba zileka kubwera foni siifa ayi. Iyaka, ilira, ioneka yabwino monga dzulo. Koma ili ngati njira ya pansi imene aleka kusinthamo mitengo yochirikiza denga. Lero muyendamo bwino, koma denga layamba kulemera. Ndipo opanga mapulogalamu ena, monga a banki ndi a WhatsApp, akaona chomwecho achokamo mmodzimmodzi.

Ife a m'chigawo cha Midlands sitifuna mphunzitsi kuti atiuze chimene chioneka mwini wake wa ntchito akasintha. Migodi ya asibesito ya Shabanie ndi Mashaba inachoka m'manja mwa kampani ya Turner & Newall mu 1996, ndipo mu 2004 boma linaikapo woyang'anira wake. Patapita zaka zochepa kukumba kunaima, antchito natsala m'nyumba za kampani kudikira malipiro akale. Ku Redcliff ng'anjo za Ziscosteel zinazima mu 2008. Mu 2011 panamveka pangano ndi kampani ya Essar ya ku India, anthu nakondwera, koma ng'anjo zija sizinayake. Sindinena kuti mwini watsopano aliyense ndi woipa. Theka la mgodi wa Mimosa linapita kwa Sibanye mu 2016 pamene inagula kampani ya Aquarius, ndipo ntchito inapitirira. Chimene ndinena ndi chakuti wogula afika ndi maganizo ake, ndipo lonjezo limene mwini wakale ananena pakamwa pokha silimumanga iye.

Momwemonso ndi makina. Ambiri a inu foni yanu yoyamba inali Nokia, ya kampani ya ku Finland. Inali yolimba, yosunga moto masiku angapo, ndipo machona ambiri anaitumiza kumudzi ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Tete kuti amve mau a makolo. Mafoni ake okwera mtengo anali kuyendera Symbian, otsika mtengo Series 40. Mu 2011 Nokia inasankha kuti mafoni ake atsopano adzayendera Windows Phone ya Microsoft, koma inatonthoza anthu kuti Symbian idzasamalidwabe kufikira 2016.

Mu Sepitembala 2013 kunamveka kuti Microsoft igula mbali yonse ya Nokia yopanga mafoni ndi ndalama za ku Ulaya zotchedwa euro zokwana mabiliyoni 5.44. Mwezi wotsatira womwewo opanga mapulogalamu anauzidwa kuti kuyambira pa 1 Januwale 2014 sadzaloledwa kuika pulogalamu yatsopano ya Symbian, ngakhale chigamba cha pulogalamu yakale, m'sitolo ya Nokia ya pa intaneti. Malonda aja anatsirizika mu Epulo 2014. Mu Julayi chaka chomwecho Microsoft inalengeza kuti ichotsa antchito 18,000, ndipo mwa iwo 12,500 anali a mbali yochokera ku Nokia. Inanenanso kuti mafoni a Asha, a Series 40 ndi a Nokia X sadzapitirira. Taonani, Nokia X imeneyo inali itaonetsedwa kwa anthu mu Febuluwale 2014. Munthu amene anaigula yatsopano m'bokosi anamva chaka chisanathe kuti mtundu wake watha.

Nanga amene anamvera uphungu nagula Lumia yoyendera Windows Phone, poganiza kuti mwana weniweni wa mwini watsopano sangatayidwe? Iwonso sanapulumuke. Mu Julayi 2015 Microsoft inavomera m'mabuku ake kuti yataya madola mabiliyoni 7.6 pa malonda a Nokia. Mu 2016 inagulitsa mbali ya mafoni ang'onoang'ono a mabatani, ndipo dzina la Nokia pa mafoni linapita kwa kampani ina ya ku Finland, HMD Global. Tsiku lomaliza losamala Windows 10 Mobile linaikidwa pa 10 Disembala 2019.

Kwa ife chopweteka chinafika kudzera pa WhatsApp, pakuti ndi m'menemo muyenda nkhani za maliro, za ukwati ndi za ndalama za feteleza. WhatsApp inachoka pa Symbian mu Juni 2017, pa Series 40 kumapeto kwa 2018, ndi pa mafoni onse a Windows kumapeto kwa 2019. Foni inali yamoyo, batire lake labwino, galasi losasweka, koma mwini wake sanathenso kumva mau a mlongo wake wa ku Ntcheu monga kale. Pangano linalembedwa ku Finland ndi ku America, koma amene anatulutsa ndalama yogulira foni ina ndi mwamuna wa pa komboni, amene sanafunsidwe kanthu.

Tsono nditembenukire kwa anzathu a m'maofesi, pakuti iwonso anaona zawo. Makompyuta aakulu osunga kaundula ndi makalata m'makampani ambiri a padziko lapansi ayendera Linux. Mtundu wake wina, CentOS, unali waulere, wofanana ndi umene kampani ya Red Hat igulitsa, ndipo anthu anaukonda chifukwa unali kusamalidwa zaka khumi. Mu Julayi 2019 IBM inatsiriza kugula Red Hat ndi madola mabiliyoni 34. Mu Sepitembala chaka chomwecho kunatuluka CentOS 8, imene inayenera kusamalidwa kufikira 2029. Koma pa 8 Disembala 2020 kunalengezedwa kuti zigamba zake zidzaleka pa 31 Disembala 2021. Zaka zoposa zisanu ndi ziwiri zinadulidwa ndi kalata imodzi. Akuluakulu a Red Hat anati chiganizocho chinali chawo, osati cha IBM. Kaya chinali cha yani, amisiri amene anali atangomanga ntchito zawo pa CentOS 8 anayenera kusamuka chaka chimodzi chisanapitirire kwenikweni.

Komabe pano pali kusiyana kumene ndifuna muonetsetse. Malembo a kamangidwe ka Linux ali poyera, ndipo lamulo lake lilola munthu aliyense wodziwa ntchito kuwatenga ndi kupitiriza. Chotero Gregory Kurtzer, mmodzi wa amene anayambitsa CentOS, anasonkhanitsa anzake nayamba Rocky Linux, ndipo kampani ya CloudLinux inayamba AlmaLinux. Zonse ziwiri zinatuluka mu 2021, anthu a CentOS napeza kothawira. Zinaterokonso pamene Oracle inagula Sun Microsystems mu 2010 ndi kuleka OpenSolaris: amisiri ena anaupitiriza ndi dzina la illumos. Koma malembo a Windows Phone anali otsekeredwa kwa mwini mmodzi, ndipo iye ataleka panalibe wina wololedwa kugwirapo. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Chinthu chimene chili m'manja ambiri sichifa tsiku limene mmodzi watopa nacho.

Nanga ife tichitenji, pakuti sitikhala nawo pa misonkhano ya makampani amenewa? Ndipereka mau asanu.

Choyamba, pogula foni ku Gweru kapena ku Bulawayo musafunse za kamera ndi kukula kwa galasi zokha. Funsani chaka chimene mtundu umenewo unatuluka, ndi chaka chimene zigamba zake zidzaleka. Zakazo aziwerenga kuyambira pamene mtunduwo unatuluka, osati tsiku limene inu mwaugula, ndipo ichi chifunika koposa kwa ogula mafoni ogwiritsidwapo kale. Makampani ena anayamba kulemba lonjezo lawo poyera: Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, ndi Samsung zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024. Amenewo ndi mafoni a mtengo wapatali, koma funso lomwelo liyenera kufunsidwa ngakhale pa foni yotsika. Wogulitsa akapanda kudziwa, muuzeni ayang'ane muli pomwepo. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, werengani mtengo wake pa chaka. Tinene kuti foni ina igulidwa madola 60 ndipo isamalidwa zaka ziwiri, inzake madola 100 ndipo isamalidwa zaka zisanu. Yoyamba idya madola 30 pa chaka, yachiwiri madola 20. Yotchipa pa sitolo ndiyo yodula m'thumba.

Chachitatu, musaike moyo wanu wonse m'makina amodzi. Manambala a abale lembani m'kabuku. Mapepala a malipiro, a penshoni ndi a pangano la ntchito sungani enieniwo m'sutikesi, pamalo pouma. Zithunzi za ana zikhale pawiri, m'foni ndi pa kadi kapena pa kompyuta ya mbale wokhulupirika. Amene anagwirapo pa mgodi wotsekedwa adziwa kuti tsiku lofunsa ndalama zako, pepala la m'manja ndilo mboni.

Chachinayi, foni imene zigamba zake zinaleka musaitaye, koma muipatse ntchito yoyenera. Kuimba, kutumiza uthenga waufupi, ndi EcoCash ya pa *151# ziyenda ngakhale pa foni ya mabatani, chifukwa sizidalira pulogalamu yochokera ku sitolo ya pa intaneti. Koma pulogalamu ya banki ndi manambala achinsinsi musaziike pa foni ya ming'alu yosatseka.

Chachisanu ndi cha makalaliki ndi amisiri a makompyuta. Lonjezo la zaka likhale lolembedwa m'pangano, ndi tsiku lake. Mukamva kuti kampani imene mudalira yagulidwa, musadikire kalata yotsanzika. Yambani mwezi womwewo kuyesa ngati kaundula wanu angasamutsidwe kupita ku sisitimu ina, pakuti malipiro a mazana a antchito ali m'menemo, ndipo iwo sadzamva zakuti kompyuta yakana.

Pomaliza nditi, musachite mantha ndi makina, ndipo musakhulupirire dzina lolembedwa pachikuto. Dzina la Nokia linayenda m'manja mwa makampani atatu pa zaka zosakwana zitatu, monga momwe chikwangwani cha pa chipata cha mgodi chikhala chomwecho eni ake atasintha. Funsani amene ali mwini lero, funsani tsiku lomaliza, ndipo zanu zofunika zikhale pamene mungazigwire ndi dzanja. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Amene ali ndi funso pa nkhani imeneyi alembe kwa Mkonzi, natchule mtundu wa foni yake. Sabata ya mawa ndidzanena za njira zotumizira ndalama kumudzi, ndi kachenjeredwe ka anthu oimba lamya monamizira kuti ndi a banki. Tsalani bwino nonse, ndipo a usiku mulowe ndi kutuluka mwamtendere.

Ine wanu,
Mlembi wa pa Mphambano