Kodi fano ndi chidole kapena mtengo wake?

Mu Ogasiti 2024, ku America kunagulitsidwa kachidole kapulasitiki kosafika ndi masentimita 10 omwe pa mtengo woposa madola 1.3 miliyoni. Kachidoleko ndi ka Boba Fett wa m'nkhani ya Star Wars, yemwe anayamba kuonekera pa wailesi ya kanema mu 1978 m'kafilimu kakatuni. Kampani ya Kenner inakakonza mu 1979 kali ndi kamzinga kofwamphuka kumsana, koma sikanafike m'sitolo momwemo chifukwa mwana wina anali atamwalira atatsamwa ndi kamzinga ka chidole cha kampani ina. Kotero kunatsala tizitsanzo towerengeka, ndipo n'timene anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu, akulimbirana lero.

Awerengi okondedwa, nkhaniyi ingaoneke ya kutali ndi ife, poti kuno kwathu wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, makatuni tikunenawa atatchuka kalekale kunjako. Komabe zidole zake timaziona m'misika ya kaunjika, zina zoduka mkono, ndipo ana athu amazilirira. Mpingo nawo unalowererapo pa nkhani ya zidolezi, ndipo ife tikuona kuti unaloza chala pamalo polakwika.

Dzina lenilenilo la zidolezi linabadwa pofuna malonda. Mu 1964 kampani ya Hasbro inatulutsa G.I. Joe, chidole cha msilikali, koma inaopa kuti anyamata sangagule chinthu chotchedwa ndi dzina la zidole za atsikana. Choncho inapeka dzina lina lachingerezi losonyeza kuti ichi n'chamuna, chochita zamphamvu. M'Chichewa mulibe chinyengo chimenecho: chovala diresi ndi chonyamula lupanga zonse timangoti chidole.

M'zaka za m'ma 1980 ndi mmene malondawa anafika pachimake. Mattel inatulutsa He-Man ndi anzake mu 1982, Hasbro inabweretsa Transformers mu 1984 kuchokera ku zidole za kampani ya ku Japan ya Takara, kenaka kunabwera ThunderCats mu 1985 ndi akamba aja a Teenage Mutant Ninja Turtles chakumapeto kwa zakazo. Akhristu ambiri a ku America anachita mantha. Mu 1986 mlaliki Phil Phillips analemba buku lotchedwa Turmoil in the Toybox, momwe ananena kuti He-Man, ma Smurf ngakhalenso tizimbalangondo ta Care Bears tinkalowetsa ana m'zamatsenga. Makolo ena atamva zimenezi anataya zidole za ana awo.

Sitikumunyoza mlalikiyu. Mdani wa He-Man, Skeletor, ali ndi chibade m'malo mwa nkhope, ndipo nkhani yonse yadzaza ndi malupanga amatsenga. Kholo lofunsa zimene mwana wake akuonera likuchita ntchito yake. Koma Paulo, polembera Akorinto za nyama yoperekedwa nsembe (1 Akorinto 8), anaphunzitsa kuti fano palokha lilibe mphamvu iliyonse. Ngati fano la m'kachisi wa ku Korinto linali lopanda kanthu, nanji kachidole kotuluka m'chikombole cha kufakitale? Paulo yemweyo pa Akolose 3:5 anatchula chinthu china kuti ndiko kupembedza mafano, ndicho chisiriro, mtima wosakhuta. Tikatsata mawu amenewa tiona kuti fano linalipodi m'nkhani ya zidolezi, koma linali m'maofesi a ozigulitsa.

Taonani mmene zinayendera. Ambiri amaganiza kuti katuni ndiyo inkayamba, chidole n'kutsatira pambuyo. Kwa He-Man zinali zosemphana: chidole chinatuluka mu 1982, katuni yake mu 1983, ndipo kampani ya Filmation inajambula magawo 130. Gawo lililonse linkatha ndi kaphunziro ka makhalidwe abwino, koma ntchito yake yaikulu inali yodziwitsa mwana dzina la chidole chimene sanagule. Mayi Peggy Charren ndi gulu lawo loteteza ana ku zoonetsedwa pa kanema anadandaula kuti mapologalamuwa ndi kutsatsa malonda kwa theka la ola. Boma la Ronald Reagan silinamve, ndipo mu 1984 linafewetsanso malamulo a kutsatsa malonda pa kanema. Panafika 1990 kuti pakhale lamulo loti m'mapologalamu a ana malonda asapitirire mphindi 12 pa ola mkati mwa sabata, ndi mphindi 10.5 Loweruka ndi Lamlungu.

Chochititsa manyazi koposa chinachitika mu 1986. M'filimu ya The Transformers: The Movie, olemba anapha Optimus Prime, mtsogoleri amene ana ankamukonda ngati bambo wawo, pamodzi ndi anzake angapo. Chifukwa chake sichinali chobisika: zidole zakale zinayenera kuchoka m'mashelefu kuti zatsopano zipeze malo. Ana analira m'nyumba zoonetseramo mafilimu, makolo analemba makalata odandaula, mpaka mu 1987 kampani inamuukitsa kwa akufa. Apatu ndi pamene mlaliki akanakweza mawu. Anthu akuluakulu anakhala pansi, nakonza zoti mwana akonde chinthu ndi mtima wonse, kenaka nachipha pamaso pake kuti alirire china. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, koma apa wosema nyanga ndi yemwe ankaphunzitsa mwanayo kulira, ndipo nyanga iliyonse inali ndi mtengo wake. Inafotadi: malonda a zidole za He-Man ku America anafika madola 400 miliyoni mu 1986, chaka chotsatira n'kugwa kufika pa 7 miliyoni okha.

Ana aja lero ali ndi zaka za m'ma 50, ndipo ndiwo akusonkhanitsa zidolezi. Mu 2024 kampani yofufuza za misika ya Circana inalengeza kuti ku America akuluakulu odzigulira okha zidole anaposa gulu la ana a zaka 3 mpaka 5 pa ndalama zogulira zoseweretsa. Kodi akuchimwa?

Ife tikuti ayi, kusunga chinthu cha chikumbutso si tchimo. Nkhani ya mana pa Eksodo 16 imatithandiza kwambiri pamenepa, chifukwa m'mutu umodzi womwewo muli kusunga kwa mitundu iwiri. Amene anasunga mana mpaka m'mawa kaamba kosakhulupirira kuti mawa adzagwanso anawapeza atagwa mphutsi ndi kununkha. Koma Mose anauzanso Aroni kuti aike muyeso umodzi wa mana mumphika kuti mibadwo ya m'tsogolo idzaone chakudya chimene makolo awo anadya m'chipululu. Mana anali amodzimodzi. Chosiyana chinali cholinga cha wosungayo. Bambo amene waika He-Man wosuluka pashelefu chifukwa malemu mayi ake anadzimana kuti amugulire pa Khirisimasi ali pafupi ndi mphika wa Aroni. Akachiona amakumbukira kuti anakondedwa, ndipo mwana wake akafunsa amakhala ndi nkhani yomufotokozera.

Vuto lake n'lakuti chikumbutso chimatha kusanduka china mwini wake osazindikira. Njoka yamkuwa imene Mose anapanga inali yabwino, ndipo Aisraeli anaisunga zaka mazanamazana. Pofika nthawi ya mfumu Hezekiya anali atayamba kuifukizira zonunkhira, mpaka mfumuyo inaiphwanya (2 Mafumu 18:4). Palibe amene angaloze tsiku limene inasiya kukhala chikumbutso.

M'malonda a zidole zakale kusinthako kumaonekera pa bokosi. Chidole chimene mwana anaseweretsa, utoto n'kusupuka, mtengo wake ndi wochepa. Chimene sichinatsegulidwepo chimakwera mtengo kambirimbiri. Kuli makampani, monga Action Figure Authority, omwe ntchito yawo ndi kuyeza chidole ndi pepala lake, kuchipatsa malikisi osapitirira 100, kenaka kuchimata m'kabokosi koonekera mkati kuti chisadzagwidwenso ndi dzanja. Tangoganizani, abale: chinthu chopangidwira manja a mwana chikulemekezedwa chifukwa choti mwana sanachikhudze! Wogula chotere sangafotokoze za mayi ake kapena za masewera a pabwalo, poti chidolecho chilibe mbiri ndi munthu aliyense. Chimene akuyang'ana m'kabokosimo ndi mtengo umene akuyembekeza kudzachigulitsa. Filimu ya Toy Story 2 ya mu 1999 inaseka khalidwe lomweli, koma osonkhanitsa ena anagulanso zidole za filimuyo n'kuzisunga osatsegula.

Ndipo pulasitiki sasunga pangano. Yesu pa Mateyu 6 anachenjeza za njenjete ndi dzimbiri, ndipo osonkhanitsa zidole amadziwa bwino adani awoawo. Pulasitiki woyera amasanduka wachikasu ndi kuwala kwa dzuwa. Wofewa amatulutsa mankhwala ake n'kuyamba kunanda m'manja. Zina mwa zidole za Transformers zopangidwa ndi pulasitiki wonyezimira ngati golide zimangofumbutuka zokha, moti eni ake anachita kulipatsa dzina vutoli ngati kuti ndi nthenda. Miyendo ya He-Man imagwiridwa ndi kamphira mkati, ndipo kamphirako kakakalamba ngwazi ija imalephera kuima. Zina mwa izi zimachitika ngakhale m'bokosi losatsegula, mwini wake akuonerera, osatha kukonza chifukwa akangotsegula mtengo watsika.

Pali funso limene mpingo ungafunse membala wake wokonda zoterezi popanda kumuopseza ndi ziwanda. Mwana wa mlendo akalowa m'nyumba, naloza pashelefu, mumatani? Sitikunena kuti mumupatse chilichonse, poti zina n'zosachedwa kuthyoka ndipo ana sadziwa kusamala. Koma ngati pa zidole 300 palibe ndi chimodzi chomwe chimene mungatsitse kuti achigwire, ngati fizi ya mwana yachedwa chifukwa pa intaneti panaoneka Skeletor wosowa, ngati akunyumba sadziwa mtengo weniweni umene munagulira, pamenepo zonunkhira zayamba kufuka pamaso pa njoka yamkuwa.

Mneneri Zekariya pofotokoza Yerusalemu wobwezeretsedwa (Zekariya 8:4-5) anaona nkhalamba zitakhala m'misewu ndi ndodo zawo, ana aamuna ndi aakazi akusewera pomwepo. Makampani a zidole nawo anaziona nkhalamba za mawa, koma monga msika. Mu 2020 Mattel inayambanso kupanga He-Man wofanana ndi wa 1982, m'mapaketi okumbutsa akale aja. Osonkhanitsa ena amagula ziwiriziwiri: china chotsegula, china chosunga.