Utoto Sulankhula Pawokha: Poteteza Zodinda za Bridget Riley

Alipo ophunzira ena amene akaona chithunzi chopanda nkhope ya munthu, nyama kapena phiri, amafulumira kugamula kuti n'chokongoletsa chabe, choyenera pa chitenje. Mlandu umenewu wakhala ukugwera Bridget Riley, mmisiri wa ku Britain wobadwa mu 1931. Mu 1965, ntchito zake zitaonetsedwa pa chionetsero cha The Responsive Eye ku New York, amalonda anatengera mizere yake n'kuidinda pa madiresi popanda chilolezo, ndipo iye anadandaula kwambiri. Amalondawo ndi ophunzirawo akulakwa mofanana, pakuti onse amangoona mizere osafunsa ntchito imene mizereyo ikugwira.

Ndondomeko ya zithunzi zake zodinda ikuonetsa munthu wofufuza funso limodzi mosadumpha sitepe. Mu Fragments (1965) anagwiritsa ntchito kuda ndi kuyera kokha, pofuna kudziwa chimene diso limachita likakumana ndi zosiyana kotheratu. Mu Nineteen Greys (1968) anachepetsa kusiyanako, nayesa mitundu yotuwa yoyandikana kwambiri. Atakhutira ndi zimenezi anadinda Firebird (1971), momwe mizere yofiira, yobiriwira ndi yamtambo imapotana mpaka diso kuona mitundu ina imene palibe anaipaka. Atapita ku Egypt anatengako mitundu yowerengeka ya m'manda akale, imene ikuoneka mu Ra 2 (1981). Pofika pa Fête (1989), mizere yoongoka inali itadulidwa ndi yopingasa. Wokongoletsa amabwereza chimene chakondedwa kale, pamene Riley ankasiya njira iliyonse ikangomuyankha funso lake.

Wophunzira chiyankhulo sayenera kudabwa nazo. M'Chichewa, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, koma amasiyana pa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Liwu limamveka lokwera pokhapokha likayerekezedwa ndi loyandikana nalo. Utoto wa Riley ukutsata lamulo lomweli: kufiira koyandikana ndi kubiriwira kumaoneka mosiyana ndi kufiira komweko kukayandikana ndi kuyera. Tanthauzo lagona pa ubale wa mitunduyo.

Ena amatsutsa kuti zodinda si ntchito ya manja ake, popeza amisiri ena ndiwo amakankha inki pa sefa. Kodi wopeka nyimbo amaleka kukhala mwini wake chifukwa ng'oma akuimba ndi ena? Riley ndiye amasankha mtundu uliwonse, kukula kwa mzere ndi malo ake, ndipo ntchito yeniyeni ili pamenepo.

Nkhaniyi ikukhudzanso chigawo chino. Wophunzira wozolowera kufunsa kuti chithunzi chikufanana ndi chiyani adzafika pa makoma a Amandebele ojambulidwa ndi Esther Mahlangu wa ku South Africa, nadzawatchanso zokongoletsa chabe. Sukulu za ukachenjede zimene zimaphunzitsa khutu kusiyanitsa mtengo ndi mtengo zilibe chifukwa chosiyira diso losaphunzira.