Chikole cha Mlendo: Mahotela, Makhadi ndi Lamya za M'manja

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndi mawu ameneŵa ankalangiza eni mudzi kuti asamane mlendo nsima kapena mphasa, popeza maŵa lomwe adzakhala atapita. Komatu mwini hotela amaumva mwambi womwewo ndi khutu lina. Kwa iye munthu wosakhalitsa ndiye angathe kulaŵira mbandakucha atadya, atamwa ndiponso ataswa galasi la pazenera, osasiya ngakhale tambala. Motero kuyambira kale nyumba zogona alendo zakhala zikufuna chikole, ndipo kwa zaka zambiri tsopano chikole chimenecho m'maiko ochuluka chakhala kachidutswa ka pulasitiki kotchedwa khadi la kubanki.

Lero chikolecho chautsa mkangano. Anthu ambiri ku Ulaya, ku America ndi ku Asia asiya kuyenda ndi khadi m'thumba chifukwa analiloŵetsa m'lamya zawo za m'manja. Amagula buledi ndi kukwera sitima pongogunditsa lamya pa kamakina ka wogulitsa. Koma akafika pahotela usiku, ngakhale atalipiriratu chipinda pa intaneti, kalaliki wolandira alendo amaŵapempha khadi lenileni logwirika ndi manja. Mahotela ena amavomera lamya, ena amakana, kotero kuti munthu angathe kubwezedwa pakhomo ndalama ali nazo. Kuti nkhaniyi imveke bwino, mpofunika kudziŵa kumene khadi linachokera ndiponso ntchito imene limagwira patebulo la kalalikiyo.

M'chaka cha 1950, mumzinda wa New York, Frank McNamara ndi anzake anayambitsa kampani ya Diners Club, imene inkapereka kakhadi koti munthu adyere m'malesitilanti nadzalipira pakutha pa mwezi. Posakhalitsa mahotela nawo anayamba kukalandira. Mu 1958 Bank of America inatulutsa khadi lake lotchedwa BankAmericard mumzinda wa Fresno ku California, ndipo khadi limeneli ndilo linasanduka Visa mu 1976. Linzake lotchedwa Master Charge linatenga dzina loti MasterCard mu 1979. Chimene makampaniŵa anagulitsa kwenikweni chinali umboni. Mlendo amene mwini hotela sanamuonepo chibadwire ankafika ndi banki yomuimira kumbuyo, yonena kuti munthu uyu akathaŵa, ngongole yake idzabwezedwa ndithu.

Ndiye chifukwa chake kalaliki amafuna khadi ngakhale chipinda chitalipiridwa kale. Akaliloŵetsa m'makina, sachotsa ndalama ayi, koma amapempha banki kuti itsekere pambali ndalama zina zoti zidzalipirire chakudya, zakumwa, kuchapitsa zovala kapena katundu amene angawonongeke. Mlendo akachoka wopanda mlandu, ndalamazo zimamasulidwa, ngakhale kuti kumasulako kumatenga masiku angapo, nthaŵi zina milungu. Apa pali kusiyana kumene wapaulendo aliyense ayenera kukumvetsa. Ngati khadi lili la ngongole, ndalama zotsekeredwazo ndi za banki, ndipo mlendo samva kupweteka kwenikweni. Koma ngati lili lotapira ndalama za mwini wake, zimene zatsekeredwa ndi zomwe amayembekeza kudyera ndi kukwerera basi paulendo wonsewo.

Pali chifukwa chinanso. Malamulo a makampani a makhadi amasiyanitsa malonda ochitika khadi lilipo ndi ochitika khadi palibe. Munthu akasungitsa chipinda pa intaneti ndi nambala ya khadi lakuba, mwini khadi nadzadandaula kubanki, kaŵirikaŵiri hotela ndiyo imaluza ndalamazo. Tsono kalaliki akamayerekeza dzina la pakhadi ndi la pachiphaso choyendera, amakhala akuteteza abwana ake kwa mbala zimene sizithyola chitseko.

Nanga lamya ikuvuta pati? Njira ya Apple Pay inayamba mu 2014, ndipo ya Google inatsatira mu 2015 ndi dzina loti Android Pay, lomwe linasintha kukhala Google Pay mu 2018. Njira zimenezi sizipereka nambala yeniyeni ya khadi kwa wogulitsa. M'malo mwake lamya imapereka nambala ina yoimira khadilo, kuti ngakhale mbala itaiba nambalayo isapindule nayo kanthu. Nzeru imeneyi ndi yabwino poteteza mwini ndalama, koma pahotela imabala chisokonezo, pakuti manambala anayi omaliza amene makina asonyeza safanana ndi a khadi limene linasungitsa chipinda. Kuwonjezera apo, mahotela ena akali ndi makina akale osatha kuŵerenga lamya, ndipo ena ali ndi makina atsopano koma malangizo a ogwira ntchito ndi akale. Kalaliki wausiku alibe mphamvu yosintha lamulo, ndipo amadziŵa kuti likaphwanyidwa, mlandu udzagwera iye.

Ngakhale zili choncho, pulasitiki ikupita ndithu. Mu 2014 kampani ya mahotela ya Starwood inayamba kulola alendo kutsekula zipinda ndi lamya, ndipo ya Hilton inachita chimodzimodzi mu 2015. M'mahotela otere mlendo angathe kulembetsa akali m'ndege kapena m'basi, napita kuchipinda osaima patebulo la kalaliki. Koma oŵerenga azindikire chinthu chimodzi: asanapatsidwe kiyi wa m'lamyayo, mlendo amakhala atalembetsa kale nambala ya khadi lake kwa kampaniyo. Chimene chachoka ndi pulasitiki yokha. Banki yoimira mlendo ikalipo monga kale, ndipo amene alibe banki yotero akali kunja kwa mpanda.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudza anthu a kuno kwathu ku Africa. Kafukufuku wa World Bank wa 2021 anapeza kuti anthu aakulu pafupifupi 1.4 biliyoni padziko lonse analibe akaunti ya mtundu uliwonse, ndiponso kuti kumwera kwa chipululu cha Sahara munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi akaunti ya ndalama za palamya. Dera limeneli linadumpha nyengo ya makhadi. Ku Kenya njira ya M-Pesa inayamba mu 2007, ndipo ku Malaŵi Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba nitsatira mu 2013. Mphunzitsi wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje amalipira fizi, magetsi ndi madzi palamya, ndipo m'nyumba zambiri zogona alendo m'dziko muno amalipira chipinda pakhomo, ndi ndalama zogwirika kapena za palamya, popanda womufunsa khadi. Koma mphunzitsi yemweyo akatumidwa kumsonkhano ku Johannesburg kapena ku London, amapeza kuti ndalama zake za palamya sizidziŵika patebulo la hotela. Njira zimenezi zinapangidwa kuti zitumize ndalama kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, pamene hotela ikufuna njira yotsekera ndalama pambali ndi kudzazimasula pambuyo.

Ngakhale amene ali ndi khadi sanapulumukiretu. Makhadi ambiri a m'dziko muno ndi otapira ndalama za mwini wake. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chifukwa cha kusoŵa kwa ndalama zakunja mabanki anaika malire pa ndalama zimene khadi lingatulutse kunja kwa dziko. Chikole chimene Mngelezi amachiona ngati chaching'ono chingathe kumeza gawo lalikulu la kamba wa wophunzira amene wangotsika ndege.

Vuto lotere silisankha osauka okha. Ku China, kumene Alipay ndi WeChat Pay zinafala kwambiri, alendo ochokera ku Ulaya ndi ku America ndiwo anasanduka osoŵa pogwira, popeza makhadi awo sankalandiridwa m'malo ambiri. Mu 2023 makampani aŵiriwo anafeŵetsa njira yolumikizira makhadi akunja, ndipo mu 2024 boma la China linalamula kuti mahotela akuluakulu ndi malo okopa alendo azilandira makhadi akunja pamodzi ndi ndalama zogwirika. Ku America, mzinda wa Philadelphia mu 2019 ndi wa New York mu 2020 unaletsa masitolo kukana ndalama zogwirika, ndipo dziko la Norway linalimbitsa lamulo lotero mu 2024. Zitsanzo zimenezi zikuphunzitsa kuti amalonda akasiyidwa okha amasankha njira yoŵapepukira iwo, ndipo pamafunika dzanja la boma kuti chitseko chikhale chotsekukira onse.

Tsono wachinyamata amene wapeza mwayi wa maphunziro kunja, kapena mphunzitsi amene akukonzekera ulendo, achite chiyani? Safunsa anadya phula. Asananyamuke alembere hotelayo kalata yofunsa ngati imalandira lamya kapena ndalama zogwirika monga chikole, ndi kuchuluka kwa chikolecho, ndipo yankho alisunge. Ngati ulendo ukulipiridwa ndi bungwe kapena sukulu, apemphe kuti bungwelo litumize kuhotela chikalata chovomera kulipira, chotchula bwino ngati likulipira chipinda chokha kapena ndi chakudya chomwe. Ngati ali ndi khadi, alinyamule ngakhale lili kale m'lamya, pakuti lamya imatha moto ndiponso imabedwa, ndipo adziŵitse banki yake za ulendowo. Akapereka chikole cha ndalama zogwirika, asachoke patebulo wopanda risiti.

Kwa eni mahotela ndi akuluakulu a mabanki, ntchito ndi yokulirapo. Mwini hotela ali ndi ufulu wofuna chikole, pakuti nayenso ali ndi antchito oyembekeza malipiro. Chosayenera ndi kuumirira chikole cha mtundu umodzi, ngati kuti kukhulupirika kwa munthu kumakhala m'pulasitiki. Makampani a lamya ndi mabanki a mu Africa, amene anatha kufikitsa ndalama kumidzi yopanda msewu wa tala, sangalephere kupeza njira yoti ndalama za palamya zizitsekeredwa pambali ndi kumasulidwa monga zimachitira za pakhadi. Kufikira tsiku limenelo, anthu mamiliyoni ambiri amene amalipira ngongole zawo mokhulupirika mwezi ndi mwezi adzapitiriza kuima patebulo la hotela ngati anthu opanda mboni.