Wotopa Apumule, Wapabenchi Alaŵe Bwalo

Msodzi wa ku Mbungo, pa chilumba cha Likoma, amadziŵa kuti ukonde wosayanikidwa suchedwa kuwola. Mphunzitsi wa mpira, kaya wa pasukulu kaya wa pamudzi, atengerepo phunziro pamene maseŵero athinana, pakuti nawonso miyendo ya anyamata imafuna mpumulo.

M'chaka cha 2022, ku Cameroon, Flames inakumana ndi Guinea, Zimbabwe ndi Senegal m'masiku 9 okha, oseŵera ena atagwidwa ndi Covid-19. Amene anakaniza Senegal chigoli anali Charles Thomu, goloboyi yemwe poyamba anali pabenchi.

Tsono mphunzitsi asadikire matenda kuti amsankhire timu. Azisinthanitsa anyamata nthaŵi ikadalipo. Kugonja kamodzi nkwabwino kusiyana ndi kupundula mwana wa mwini.