MAPU A UTSI AZIYESEDWA NDI MADZI A MVULA

Alimi anzathu, nonse mukudziwa kuti pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S, nambala 23 ikuimira nayitrojeni ndipo chilembo S chikuimira salufa. Ife zakudya za mbewu ziwirizi timazigula ndi ndalama. Koma kumaiko a mafakitale ambiri zimagwa zokha kuchokera mumlengalenga, ndipo zikachuluka zimaononga nthaka, nyanja ndi nkhalango. Akatswiri amawerengera kuchuluka kwa zogwazi pa kompyuta najambula mapu. Maganizo athu ndi akuti mapu otere asamalandiridwe asanayesedwe.

Malasha akamayaka amatulutsa utsi wa salufa. Magalimoto amatulutsa utsi wa nayitrojeni, ndipo ndowe za ziweto ndi feteleza wa yureya zimatulutsa mpweya wa amoniya. Mphepo imanyamula zonsezi, kenaka zimatsika ndi mvula kapena kungotera zouma pa masamba ndi pa dothi. M'chaka cha 1967 katswiri wa nthaka wa ku Sweden, Svante Odén, analengeza kuti mvula ya kwao yasanduka ya asidi chifukwa cha utsi wochokera ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya. Nsomba zinali kutha m'nyanja za kumwera kwa Norway ndi Sweden. Eni mafakitale sanavomere msanga. Ndani angavomere mlandu wa nsomba zofera kutsidya kwa nyanja?

Mlanduwo unadulidwa ndi zinthu ziwiri zogwirira ntchito pamodzi. Kompyuta inauzidwa kuchuluka kwa utsi wa dziko lililonse, kumene mphepo ikulowera ndi kagwedwe ka mvula, ndipo inawerengera makilogalamu ogwa pa hekitala pa chaka. Mbali inayi, anthu anatchera zotengera madzi a mvula m'malo ambiri, napima madziwo. Ziwirizi zitafanana, maiko anasaina pangano ku Geneva mu 1979, ndipo mu 1985 ku Helsinki ambiri analonjeza kuchepetsa utsi wa salufa ndi magawo 30 pa 100 alionse. Utsi unachepadi, kotero kuti alimi a ku Britain, amene kale ankalandira salufa waulere, tsopano amagula ngati ife.

Komatu nayitrojeni ndi wovuta. Amoniya wambiri sapita patali. Amatera pafupi ndi khola limene wachokera. Pamene mapu a ku Ulaya ankagawa dziko m'zigawo za makilomita 150 mbali iliyonse, pambuyo pake 50. Chigawo chimodzi cha makilomita 50 ndi mahekitala 250,000, ndipo chonsecho chimapatsidwa nambala imodzi. Mlimi aliyense adziwa kuti ngakhale munda wa maekala awiri suchita chimodzimodzi kumtunda ndi kudambo.

Taonani zimene zinachitika ku Netherlands. Kumeneko nayitrojeni wochuluka wachititsa kuti udzu upondereze zomera za m'malo otetezedwa. Mu 2019 khoti lalikulu linathetsa dongosolo limene boma linkaperekera zilolezo, ntchito zambiri zinaima, ndipo alimi anapita ndi mathirakitala ku The Hague kukadandaula. Zilolezo za makola zinkadalira masamu a pa kompyuta otchedwa AERIUS. Mu 2020 komiti yotsogoleredwa ndi Leen Hordijk inapeza kuti masamuwo ndi okwanira poyang'ana dziko lonse, koma sangathe kunena mosaphonya za malo ang'onoang'ono monga mmene zilolezo zimafunira. Kuonongeka kwa zomera kunali koona, ndipo kukayika kwa alimi kunalinso ndi maziko.

Nanga ife kuno? Mapu a dziko lonse lapansi amapaka utoto ndi pa dziko lathu pomwe. Koma kafukufuku wamkulu wa 2014 wa bungwe loona za nyengo la World Meteorological Organization anaonetsa kuti malo oyesera madzi a mvula mu Afirika ndi owerengeka. A gulu la INDAAF ali kumadzulo ndi pakati pa Afirika ndiponso ku South Africa. Kuonjezera apo, ife timakhala miyezi yambiri opanda mvula, ndipo zotera zouma ndizo zovuta kupima koposa. Utsi wathu waukulu suchokera m'mafakitale ayi. Umachokera ku moto wa tchire ndi mapesi m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo moto wotere sulembedwa m'buku ngati malasha a fakitale. Mapesi akapsa, nayitrojeni ndi salufa wambiri amapita ndi utsi. Phulusa lotsala lija lisatinamize.

Tsono munthu akabwera pa esiteti kapena pa msonkhano wa kalabu ndi mapu okongola, nanena kuti mvula ikukupatsani makilogalamu akutiakuti a nayitrojeni, mufunseni mwaulemu kuti madzi a mvula anawapimira kuti, ndipo kwa zaka zingati. Musachepetse feteleza chifukwa cha utoto wa pa pepala. Muyambe mwapimitsa dothi lanu kudzera kwa alangizi. Ndipo akuluakulu a kafukufuku wa zaulimi tikuwapempha kuti pa malo ngati Chitedze ndi Bvumbwe, pamene mvula imayezedwa kale, madzi omwewo azipimidwanso salufa ndi nayitrojeni chaka ndi chaka, zotsatira zake zizilembedwa m'tsamba lino.